Banga Limene Linawoloka Nyanja

Chipinda chimene tinkachita lendi ku Kanyama chinagundana ndi babashopu. Khoma la pakati silinkafika kumalata, choncho zonse zokambidwa uko zinkagwera kwathu pamodzi ndi fungo la sipiriti. Amuna anga amawotcherera zitsulo m'mbali mwa msewu, mageti ndi mafelemu a mawindo, ndipo ankachoka m'mawa n'kubwera dzuwa litalowa. Ine mimba itakula ndinasiya ntchito ku shopu ya mabulangete ya Matchaina ku Kamwala, n'kumangokhala pakhomo. Sindine munthu wocheza. Amayi a pa pulotipo akakhala pamodzi kusadzula chibwabwa, ine ndinkapereka moni n'kulowa m'nyumba. Ocheza nawo anga anali mawu a kuseri kwa khoma.

Wometayo anali mnyamata wobadwira m'tauni, wosatopa ndi kukamba. Foni yake ankaitsamiritsa pa galasi, n'kumaonetsa makasitomala mavidiyo a Chingerezi, iye akumasulira uku akumeta. Anzake amaonera mpira, koma iye ankakonda za anthu akalekale, kumene anachokera ndi kumene anakafika. Lero ankati Matchaina anabwera ku Africa ndi zombo zikuluzikulu Azungu asanalote n'komwe, ndipo anatenga nyamalikiti kukapatsa mfumu yawo. Mawa lake ankati kutsidya, ku America, kuli mitu ya miyala yaitali kuposa munthu, ya milomo ndi mphuno ngati zathu, ndiye kuti anthu akuda anafikako kale ndi mabwato.

"Manje anabwelela bwanji?" anafunsa kasitomala wina.

"Ndani wakuuzani kuti anabwelela?" anayankha wometayo. "Imwe munabwela mu Lusaka ati mwezi umodzi chabe. Munabwelela?"

Loweruka kunkabwera akulu a mpingo ena kudzameta ndevu. Iwo ankati zonsezo n'zachabe, ife ndife ana a Israyeli amene anasochera potuluka ku Iguputo, n'chifukwa chake timadziwa kulira maliro bwino. Ankakangana mpaka wometayo kuiwala kuti wameta tsaya limodzi lokha.

Ine sukulu ndinalekezera giredi faifi, kumudzi ku Katete. Chimene ndinatolako n'chakuti Achewa anachokera ku Uluba, ku Congo, ndipo ndinkaganiza kuti kumeneko ndiye kumayambira dziko. Tsopano ndinali kumva kuti kumbuyo kwa Uluba kulinso njira zina, zina za pamtunda, zina za pamadzi. Tsiku limene wometayo ananena kuti kufupi ndi Zambezi anafukula manda akale n'kupezamo mikanda ya ku India, ndinagwira yanga ya m'chiuno, imene inali itayamba kundithina ndi mimba. Sindinkadziwa kuti zoona n'ziti, zabodza n'ziti. Ndinkangozikonda. Koma chinthu chimodzi chinkandivuta: m'nkhani zonsezo munalibe akazi. Kodi m'zombomo munalibe wapakati? Nanga mwana akabadwira pakati pa nyanja, mchombo wake ukagwa ankaukwirira pati? Ndinkafuna kufunsa, koma mkazi wa mwini safunsa mafunso pamwamba pa khoma la babashopu.

Mwana anabadwa nthawi yotentha, wamkazi, woyererako, maso otupa ang'onoang'ono ngati sakufuna kuona dziko. Mayi anga ondibala anamwalira kalekale, ndiye anabwera mayi aang'ono a ku Chawama kudzandithandiza. Ndiwo ankamusambitsa masiku oyambawo. Mchombo utagwa anaukulunga m'kansalu, anaukwirira kuseri kwa nyumba pamene simenti inathera, n'kubwerera kwawo.

Kwathu mwana woyamba dzina amapatsidwa ndi atate ake, mchombo ukagwa. Amuna anga anati dzina ali nalo kale, adzalitchula Lamlungu akulu awo a ku Mtendere akabwera. Ndinawanyengerera kuti andinong'oneze, anakana akuseka. Ndinkaliyembekezera chifukwa silinali la mwana yekha. Mkazi akabereka amasiya kuitanidwa dzina la utsikana, amakhala amake uje, ndipo mwamuna amakhala atate ake uje. Tonse atatu tinali kudikira dzina limodzi.

Lachisanu lake magetsi anazima kuyambira m'mawa. Wowotcherera wopanda magetsi alibe ntchito, wometa nayenso chimodzimodzi, ndiye amuna anga anabwerera msanga n'kukhala pa benchi kunja kwa babashopu ndi anyamata ena. Ine ndinatulutsa beseni pakhonde chifukwa m'nyumba munali mdima. Pamene ndinamutembenuza mwana kuti ndimutsuke kumsana, wometayo anadumpha.

"Iyee! Ba neba, imililani so! Osamupukuta!"

Pamwamba pa thako la kumanzere la mwana wanga panali banga lotuwa mobiriwira, ngati inki yotayikira pa yunifolomu n'kuchapidwa. Ndinali nditaliona kale, ndinkangoti mwina anagona pamenepo m'mimba. Wometayo anafufuza m'foni mwake n'kuonetsa amuna anga chithunzi cha khanda la kutali, la tsitsi lowongoka, lili ndi banga lomwelo pamalo omwewo.

"Ni ichi chamene! Ana ba ku China na ku Mongolia babadwa nacho ichi. Nenze kukuuzani imwe, mwenze kuniseka. Vombo vija vinafika, bantu banasala kuno, banakwatila. Magazi sasoba, boyi. Mwana uyu ni umboni!"

Iye anali wokondwa chabe, ngati munthu amene watola chinthu chimene anataya. Sanaganize china. Anaganiza ndi mnyamata wina wa pa benchipo, amene anati, "Chombo chake icho chinafikila pa Kamwala." Onse anaseka. Amuna anga sanaseke. Anayang'ana bangalo, anayang'ana maso a mwana, n'kulowa m'nyumba.

Lamlungu akulu awo sanabwere. Ndinamva pambuyo pake kuti anawaimbira kuti ayambe adikira.

Sanandimenye, sanandikalipire, sanandifunse n'komwe. Akanandifunsa ndikanayankha. Mwini shopu ija ya ku Kamwala anali mkulu wa imvi, wokhala pa kauntala ndi akazi ake tsiku lonse, ndipo mawu amene anandiyankhulapo anali akuti pinda, nyamula, fulumira. Amuna anga ankadziwa zimenezo, ankabwera kudzanditenga poweruka. Koma nthabwala ija inawalowa ngati kachitsulo m'diso, kosaoneka koma kosalola munthu kuphethira. Ndiwo ankagula, matewera ankabweretsa. Ndikawapatsa mwana ankamunyamula ngati katundu wa munthu wina amene wapita kukagula tikiti. Kamodzi kokha ndinalimba mtima.

"Nanga dzina lija?"

"Tiona."

Apa pulotipo anayamba kunditcha amake Bebi. Poyamba zinali zoseka, kenako anasiya kuseka. Mwana akapitirira mwezi wopanda dzina, anthu amadziwa kuti m'nyumbamo muli nkhani. Ndinkaopa kuti tsiku lina adzandiuza kuti ndipite kwa mayi aang'ono ndikapume, ndipo kupuma koteroko sikutha. Ndinayamba kumusambitsira mwana m'nyumba chitseko chotseka. Ndinakumbukiranso kuti mayi aang'ono anamusambitsa sabata yonse osanenapo kanthu za bangalo, ndipo ndinkati anakhala chete chifukwa cha manyazi.

Chodabwitsa n'chakuti m'mantha onsewo chidwi sichinandithere. Ine ndinkadziwa kuti mwana ndi wa amuna anga, choncho funso langa linali lina: ngati banga ndi la Matchaina, lafika bwanji pa mwana wa anthu a ku Katete? Masana akagona ndinkamuvula n'kumalitsata ndi chala. Ndinkaganiza za munthu wa m'chombo chosweka, atatuluka m'madzi wopanda chilichonse, mkazi wina wa m'mphepete mwa nyanja n'kumupatsa madzi akumwa. Ndinkaganiza za mdzukulu wawo akukwatiwa kumtunda, wa iyeyo kumtunda kwinanso, banga likuyenda pa matako a makanda mudzi ndi mudzi mpaka kudzatulukira ku Kanyama. Tsiku lina ndinatenga kagalasi kometera ka amuna anga, ndinakhoma chitseko, n'kudzipinda kuti ndione kumbuyo kwanga. Ndinangopwetekako khosi.

Itakwana nthawi ya jekeseni yoyamba ndinapita ku sikelo ndekha. Kwathu kuno sikelo imachitikira pa bwalo la tchalitchi, anamwino amabwera ndi katundu wawo kamodzi pa mwezi. Sikeloyo amaipachika pa nthambi ya mtengo wa mango, mwana amamuika m'kathumba konga kabudula n'kumukoleka. Mayi amene ankathandiza anamwino kuyeza anali okhwima, sankalola chovala chilichonse. "Vulani vonse!" ankakuwa. "Thewela yonyowa nayo ili na makilo yake." Ndiye makanda onse ankapita ku mtengowo ali maliseche, amayi awo atawanyamula paphewa, matako kuloza kwa ife a pamzere.

Ndinaona banga loyamba osalifuna. Mwana wa mayi wina wakuda bii anali nalo, losaoneka bwino, mpaka dzuwa litamuwomba. Ndinaganiza kuti maso anga akundinamiza. Kenako wina, lake laling'ono ngati chala chachikulu. Ena analibe. Wina linamutenga msana wonse wam'munsi. Amayi awo sankabisa, sankayang'anapo n'komwe. Ndinazindikira kuti mayi aang'ono anakhala chete chifukwa panalibe chonena.

Nthawi yanga itafika mayi oyeza aja anafunsa dzina la mwana. Ndinati alibe.

"Mpaka lelo? Batate bake balipo?"

"Alipo."

"Ninshi bayembekeza chani, ayambe kuyenda azisankhile yekha?"

Pobwerera ndinali ndi chinthu m'manja koma osadziwa kuchipereka kwake. Ndikanati ndiwauze amuna anga, akanati wopalamula sasowa chonena. Iwo ndi munthu wa tepi, sakhulupirira geti limene sanaliyeze okha. Ndipo ndinaona pamene panali vuto: pa benchi ija panali amuna okhaokha. Amuna sasambitsa makanda. Aliyense wa iwo anali ndi ana kapena ang'ono ake, koma panalibe amene anayang'anapo thako la khanda dzuwa likuwala. Wometayo anali ataona la ku Mongolia, osaona la mwana wa mlongo wake.

Ku sikelo kuli lamulo lakuti mayi wobwera ndi mwamuna wake sakhala pamzere, amathandizidwa poyamba, kuti abambo azilimbikira kubwera. Mwezi wotsatira ndinagwiritsa ntchito lamulolo.

"Mwezi watha mwana anapsa ndi dzuwa pamzere," ndinatero. "Mukandiperekeza tikhala oyamba, tibwerako msanga."

Anadandaula kuti kumeneko n'kwa akazi. Koma magetsi anali atazimanso, ndipo anavala shati.

Ndinali ndisanaganize bwino. Titangolowa pa bwalo, mayi oyeza aja anakuwa, "Onani ba daddy ba nzelu! Baombeleni m'manja! Bwelani kusogolo!" Amayi onse anaomba m'manja, ena akuimba nthungululu mwachipongwe. Pa mtengo panali pasanakolekedwe mwana ndi mmodzi yemwe. Tikanayezedwa oyamba n'kumapita, amuna anga ataona banga limodzi lokha, lomwe lija.

"Ayambe ena," ndinatero, mawu akutuluka ngati a mwana. "Akuyamwa."

Sanali kuyamwa, anali atakhuta kunyumba. Ndinakhala pa benchi yoyandikana ndi mtengo n'kumukakamiza bere, iye akulikana.

"Si iwe unati tifulumire?" anatero amuna anga chapansipansi. Anakhala kumapeto kwa benchi, maso pansi, chifukwa kulikonse kumene akanayang'ana kunali mkazi wa mwini akuyamwitsa. Kenako anatulutsa foni.

Mzere unayamba kuyenda. Ndinawagwira pa bondo. "Tayang'anani uyo."

Anayang'ana. Mwana ameneyo analibe kanthu, thako losalala ngati bansi. Anandiyang'ana ine ngati ndazungulira mutu. Wachiwiri anali wamkulu, woyenda kale, nayenso analibe. Ndinayamba kuganiza kuti mwezi watha ndinalota.

"Uyonso," ndinatero kachitatu.

Anali kamnyamata konenepa, kakukuwa, ndipo pamwamba pa matako ake panali banga lalikulu ngati chikhatho changa. Amuna anga anaika foni m'thumba. Wotsatira anali nalo laling'ono. Wina analibe. Wina anali nawo awiri. Sindinawagwirenso bondo. Anayamba kuweramira kutsogolo, kenako anaimirira osadziwa kuti aimirira, n'kusendera ku mtengo, maso atatsinzinira ngati akuona ngati chitsulo chawongoka.

Mayi wina wamkulu thupi, amene amagulitsa vitumbuwa pa siteshoni ya minibasi, ndiye anawagwira.

"Imwe ba daddy! Mwataya chani pa matako ya bana bathu?"

Bwalo lonse linatembenuka. Amuna anga ndinawamvera chisoni. Ndinayankha ndine, pamaso pa anthu onsewo, ine amene sindiyankha ngakhale ku msonkhano wa amayi ku tchalitchi.

"Aneba athu anati banga ili linabwera ndi zombo za Matchaina."

Sindinanene zambiri, koma akazi safuna kuuzidwa zambiri. Anayang'ana ine, anayang'ana mwana wopanda dzina uja, anayang'ana amuna anga. Mayi a vitumbuwa anatembenuza khanda lawo n'kulikweza m'mwamba.

"Na uyu ni wa chombo? Na uja? Awe mwandi, Mtchaina wamene uyo ni wolimba. Komboni yonse yekha!"

Kuseka kwake kunadzutsa makanda amene anali m'tulo. Wina anati amuuze kumene Mtchainayo amakhala akatengeko ndalama ya sopo. Mayi ena achikulire, obwera ndi mdzukulu, anapukuta misozi n'kuuza amuna anga kuti, "Mwananga, anga onse anabadwa nalo, limatha lokha. Ukafunse amako za lako."

Anamwino anabwera kudzaona chimene chaimitsa mzere. Atamva sanaseke kwambiri. Anati amaliona tsiku ndi tsiku, si matenda, ndipo ana ambiri limawathera asanayambe sukulu. Anati n'zoona ana a Matchaina ndi a Amwenye amabadwa nalo, ndi athunso.

"Nanga linayambira kwa ndani?" anafunsa amuna anga. Anali mawu awo oyamba.

"Izo sin'dziwa, bambo. Ine nimalasa chabe jekeseni. Bwelesani mwana."

Amuna anga anatembenuka n'kumutenga m'manja mwanga. Anamuvula okha, zala zawo zokhakhala zikulimbana ndi timabatani, anamuika m'kathumba, anamukoleka. Mwana analendewera akuzungulira pang'onopang'ono, banga lake likuonekera kwa aliyense. Mayi oyeza anawerenga sikelo, anagwira bolopeni, n'kundiyang'ana ine.

"Dzina? Kapena tikali kuyembekeza?"

Amuna anga analitchula, motsitsa.

"Kwezani mawu, ba daddy, kuli chongo."

Analitchulanso mokweza, bwalo lonse linamva. Linali dzina la mayi awo owabala. Mayi a vitumbuwa analibwereza, anandiitana nalo, amake uje, ndipo ine ndinayang'ana kumbuyo kufuna amene akuitanidwa.

Kupepesa ndi pakamwa sanapepese. Ananyamula mwana njira yonse, kudumpha naye ngalande, osandipatsa ngakhale pamene anayamba kulira. Lamlungu lotsatira akulu awo a ku Mtendere anabwera ndi nkhuku. Za banga lawo anafunsadi kumudzi pa foni, koma chimene anayankhidwa sanandiuze. Ndinangomva mayi awo akuseka mpaka kutsokomola.

Ndinkaganiza kuti wometayo achita manyazi. Sanachite. Amuna anga atamufotokozera za ku sikelo, anakuwa makina akulira m'manja.

"Ninshi ni ise tinabapasa! Si paja bakamba kuti bantu bonse banachokela mu Africa? Banayenda nacho pa matako kufika ku China! Boyi, iyi ni ikulu kupambana ija ya vombo."

Akulu a mpingo aja anati ayi, ndi chizindikiro cha ana a Nowa. Mkangano unayambiranso pamenepo, ndipo tsopano amuna anga anali m'kati mwake, akunena kuti munthu asakambe za chinthu chimene sanachiyeze. Madzulo ena ndinawauza funso langa lija la mchombo. Anaseka, koma m'mawa mwake, ndikuchapa matewera, ndinawamva kuseri kwa khoma.

"Amake mwana akufunsa. Akuti m'zombo zakozo, mwana akabadwira pakati pa nyanja, mchombo ankaukwirira pati?"

M'babashopu makina anazima.

"Iyo mulibe mu vidiyo," anatero wometayo pamapeto pake. "Bauzeni nizasakila."

Mpaka lero akusakabe. Mwana tsopano akuyenda, amathamangira ku babashopu kukatola zisa, ndipo maso ake anatseguka n'kukhala a atate ake enieni. Banga lija layamba kufufuma m'mbali, monga ananenera anamwino. Ndikamamusambitsa ndimaliyang'anabe. Linatsala pang'ono kundichotsa pa ukwati, koma likamatha ndimamva kachisoni, chifukwa likupita lisanandiuze kumene linachokera.